Ndinalumbira pa Nyanga ya Bambo

Hvammur, 2 Disembala

Wokondedwa mlongo wanga Ketill,

Ndikulembera ndili bwino, kungoti mawondo ayamba kundikumbutsa zaka zanga. Kaya iwe uli bwanji ku Norway kumeneko, pamodzi ndi mlamu wanga Ingrid ndi ana? Chifuwa chija chinakusiya? Kuno chipale chofewa chagwa msanga, nkhosa zonse tazitsekera m'khola.

Usadabwe kuti ndalemba kalata m'malo moimba foni. Pafoni umandidula pakamwa, ndipo nkhani iyi ndikufuna uimve yonse.

Bambo sali bwino. Adokotala akuti mtima watopa, tisayembekezere kuti adzaona nkhosa zikuswa chaka chamawa. Eni akewo akudziwa, ndipo akungoseka, akuti mulungu Odin wawadikira mokwanira. Koma chimene chandigwiritsa cholembera si matendawo ayi. Ndalakwa, Ketill, ndipo ndalakwa pamaso pa anthu.

Iwe ukudziwa kuti chimwalirireni Amayi, zaka makumi awiri ndi ziwiri tsopano, nsembe iliyonse ya gulu lathu lopembedza milungu yakale wokonza ndine. Mowa wa uchi wofulula ndine. Nkhuni zapabwalo la miyala kuseri kwa khola wosenza ndine. Nyanga yomwera ya Bambo ndimaitsuka ndekha, ndi madzi ofunda osati otentha, kuopa kuti ingang'aluke. Bambo akamaitana milungu ndimaima kudzanja lawo lamanja, ndipo chaka chatha mawu atawathawa pakati, wowanong'oneza ndinali ine. Palibe amene anandiuzapo kuti nyangayo idzakhala yanga. Koma abale, zoterezi n'zochita kuuzidwa?

Ndiye mng'ono wathu Sunneva n'kutulukira mu Ogasiti, ukwati wake wa ku Reykjavík utatha, atanyamula masutikesi awiri. Munthu amene zaka khumi ndi zisanu ankatiseka kuti kuthira mowa pansi n'kuwononga mowa! Anayamba kukhala pambali pa Bambo masana onse, iwo akumuphunzitsa mawu akale oitanira milungu, ine ndili kukhitchini kuwaphikira onse awiri. Ndinkati musiyeni, mtima wake uli ndi bala, apezeko chochita.

Kumapeto kwa Okutobala tinachita nsembe yolandira nyengo yozizira. Tinalipo anthu oposa makumi awiri, titazungulira moto. Bambo anadzaza nyanga, mowa ukutayikira pa nsapato zawo. Ananena kuti mphamvu zawathera, yakwana nthawi yoti wina atsogolere nsembe.

Ine ndinali nditatambasula kale dzanja, Ketill. Anthu analiona dzanjalo. Bambo anatembenukira kumanzere n'kupereka nyanga kwa Sunneva.

Ndinalibweza dzanja langa n'kulilowetsa m'thumba ngati ndimafuna mpango. Sunneva anakweza nyanga n'kuyamba kuitana milungu. Anathokoza Freyr chifukwa cha udzu wa nkhosa, anaitana Freyja, anapempha Thor kuti atisunge mpaka dzuwa litabwerera. Mawu ake anadzaza chigwa chonse. Mkulu Thorlákur wa tsidya la mtsinje, amene sanagwetse msozi ngakhale pa maliro a mkazi wake, misozi inali mbwembwembwe. Kenaka anandigunda ndi chigongono n'kundinong'oneza kuti mlendo ndiye amadza ndi kalumo kakuthwa. Anauza ine, Ketill! Ine amene lumo langa lameta pabwalo limenelo zaka zonsezi!

Nyanga inazungulira koyamba, ya milungu, ndinamwa. Inazungulira kachiwiri, ya makolo, ndinatchula Amayi n'kumwa. Kachitatu, pamene aliyense amanena za kumtima kwake, Sunneva anandipatsira yekha ndi manja awiri, akumwetulira. Kumwetulirako n'kumene kunandipsetsa mtima. Ndinaikweza nyangayo n'kunena mokweza kuti Thor andimve, makolo andimve, ine Bergdís mwana wa Hallur sindidzamwanso m'nyanga iyi malinga ngati wotsogolera nsembe ndi Sunneva. Ndinamwa komaliza n'kuthira pansi.

Ndinkayembekeza kuti Bambo andikalipira, mwina andiuza kuti ndibweze mawu anga. Anangondiyang'ana n'kunena kuti tamva. Paja iwo anatiphunzitsa tili ana kuti mawu onenedwa pa nyanga amalowa m'nthaka pamodzi ndi mowa, ndipo madzi akatayika saoleka.

Patapita masabata awiri, ndikuwameta ndevu, ndinawafunsa chimene ndinawalakwira. Anati palibe. Ndinati nanga bwanji munandidumpha? Ukuwadziwa Bambo, sapita m'mbali. Anati iwe mwana wanga mawu onse uli nawo m'mutu, koma ukamaitana milungu umamveka ngati ukuwerenga malangizo a mankhwala a nkhosa. Anati mng'ono wako akaitana, anthu amacheuka kuti aone ngati wina wafikadi. Ndinawauza kuti asaiwale kuti lumo lili m'manja mwanga. Anaseka mpaka kutsokomola, ine ndinatuluka kukalirira kukhola.

Chondiwawa kwambiri n'chakuti sananame. Tsiku lija nanenso ndinacheuka.

Tsopano ndagwira njakata. Pa 21 mwezi uno tili ndi nsembe ya Yule, ya pakati pa nyengo yozizira, ndipo Bambo akuti ndi yomaliza kwa iwo. Akuti tiwanyamule pampando mpaka pamoto, akufuna kumwa nyanga imodzi ndi ana awo onse atatu. Ndipo tsiku limene tidzawaike m'manda, nyanga yomweyo idzazungulira kuti aliyense awamwere powakumbukira. Ine amene ndimawasambitsa, ndidzaima pamenepo manja ali m'thumba, nyanga ikundidutsa.

Sabata yatha Sunneva ananditsatira kukhola ndikupatsa nkhosa udzu. Mwezi wathunthu tinali tisanayankhulane, kupatula zofunsana kuti mankhwala a Bambo ali kuti. Anati achemwali, nyangayo sindinaipemphe. Anati abwerera ku Reykjavík Yule isanafike, pali mnzake amene amusunge, ndipo ine nditsogolere nsembe, lumbiro langa likhale losaswedwa. Ananena akulira.

Ndikuuze zoona? Ndinasangalala. Mtima wanga unavina, ndinadziona nditakweza nyanga pamoto. Kenaka ukali unandigwira kuposa poyamba, poona kuti ngakhale pa ubwino wa mtima mwana ameneyu akundiposabe. Ndinamuuza kuti asandimvere chisoni ngati nkhosa yothyoka mwendo, ndipo akakhudza sutikesi ndimuponyera mumtsinje pamodzi ndi sutikesiyo. Anati achemwali, mtsinje wauma ndi chisanu. Ndinati ndiye uvulala kwambiri. Tinatsala pang'ono kuseka, koma ine ndinadzigwira.

Sangapite, Ketill. Akapita, Bambo adzamwalira mwana wawo mmodzi palibe, ndipo womuthamangitsa ndidzakhala ine. Ndiye njira yatsala imodzi, yoti ndiswe lumbiro langa.

Ndinawafunsa Bambo kuti zimatheka bwanji. Anati chiyambireni gulu lathu palibe anachitapo, koma wofuna kutero aime pakati pa bwalo, anene ndi pakamwa pake chimene chinamulumbiritsa, anenenso kuti mawu ake wawaswa. Anati pambuyo pake, kwa chaka chathunthu, nyanga ikamazungulira kachitatu azingomwa osayankhula, chifukwa milungu ndi anthu ayenera kuphunziranso kumukhulupirira. Sanandinyengerere, sanandiletse.

Iwe uona ngati nkhani yaing'ono. Koma taganiza. Sunneva anatenga nkhope ya Amayi, anatenga mawu okoma, anapita kumzinda, anakwatiwa, anabwerako n'kupeza nyanga ikumudikira. Ine chimene ndinali nacho chomuposa n'chimodzi chokha: chigwa chonse chimadziwa kuti Bergdís akanena wanena. Chimenecho ndicho ndikukachitaya pamoto pa 21, ndipo ndikachitaya pamaso pake. Ndikaima pakati pa anthu amene ndawadyetsa zaka zonsezi, mayi wa imvi ngati ine, n'kunena kuti sindinalumbire chifukwa cha milungu kapena mwambo, ndinalumbira chifukwa cha nsanje.

Ndipo usaganize kuti nsanjeyo yatha. Ilipo, ndimadzuka nayo, ndimakama nayo ng'ombe. Dzulo ndinamumva akuyeserera mawu a Yule kuchipinda kwa Bambo, ndipo ndinamenyetsa mapoto dala kuti ndisamve. Ndikamwa m'manja mwake ndili nayo choncho, chifukwa Bambo alibe nthawi yodikira kuti ine ndichire.

Pempho langa ndi ili. Bwera, mlongo wanga. Ndikudziwa kuti kuntchito kwanu nyengo ino n'kovuta, koma auze kuti bambo ako akumwalira, si bodza. Sindikufuna kuti udzatiyanjanitse, ndiponso usadzandilangize. Udzangoima pafupi nane, kuti ndikamadzayankhula pabwalo ndidzaone nkhope imodzi imene sinaone dzanja langa lili m'malere tsiku lija. Mkono ukadzakana kulandira nyanga, udzaukankhe.

Ubwere ndi malaya okhuthala, kuno kwazizira kuposa chaka chatha. Undiperekere moni kwa Ingrid, undipsompsonere Tóki ndi kamlongo kake. Bambo akuti ndikuuze kuti usachedwe, iwo sakulonjeza kudikira ndege yachiwiri. Thor akusunge panjira, Freyja asunge nyumba yako.

Ndipo Sunneva akadzayamba kuitana milungu, lira ngati ukufuna, onse amalira. Koma usadzatembenukire kwa ine n'kundiuza kuti mng'ono wathu ali ndi mphatso. Ndikudziwa kale.

Ndine mlongo wako,
Bergdís