Basi Yathu Sibwerera M'mbuyo

Lachinayi, 9 Okutobala

Okondedwa Achimwene,

Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupezani muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana onse. Kuno tadzuka, ngakhale kudzuka kwake n'kwa dzina lokha. Mukhululuke zilembo zikuluzikuluzi, ndi cholembera chake.

Ndamva kuti mwana wanu wa m'nyumba mwanga muno, namwino uja, anakuimbirani foni kuti mundiuze ndisiye kuyendetsa basi ya timu ya mpira, ati maso anga atha. Mwana ameneyu chiyambire kuvala zoyera, aliyense amamuona ngati wodwala. Ndiye ndati musanagamule mlandu mutamva mbali imodzi, mumve kaye kwa mwini wake. Pajatu chiwongolero munandigwiritsa ndinu, ndipo ngati alipo munthu woti n'kundilanda makiyi ndi mawu okha, munthuyo ndinu.

Ndiyambe ndi za pamsewu, chifukwa inu munachoka kuno anthu akadali ndi ulemu. Masiku ano anthu sayatsa indiketa. Munthu ali patsogolo pako bwinobwino, mwadzidzidzi wakhota ngati wakumbukira mphika umene anasiya pamoto. Ukamufunsa akuti, "Ndinayatsa, madala." Anayatsa kuti? Magalimoto atsopanowa timagetsi take n'tochepa ngati maso a nkhuku. Pamaloboti ndiye musanene. Loboti likangosintha, wakumbuyo waliza kale hutala iwe usanatsimikize n'komwe kuti labiriwiradi. Anjinga zamoto amangotulukira pambali pako osadziwa kumene achokera, zikwangwani zinasuluka palibe wozipenta, ndipo mabampu amawamanga osakuuza. Zimandinyansa, achimwene, moti ndimafika kunyumba nsagwada zikuwawa chifukwa chokukuta mano.

Kumpira nakonso zinthu zinapita pansi. Kale mpira unali woyera ndi wakuda, unkauona uli pageti. Lero amaupaka mitundu ya maluwa, ukangoukwa m'mwamba basi wasowa. Manambala a pajezi anawachepetsa. Wosewera kungomukhudza ndi chala wagwa, n'kugubuduzika mpaka kunja kwa mzere, woyimbira akangotembenuka wadzuka ali bwinobwino. Masapota oti sanamenyepo ngakhale mpira wansanza ndi amene amaphunzitsa kochi ntchito. Anyamata athuwa nawo akalowa m'basi sangaimbe nyimbo popanda kumenya malata. Ndinalankhula mpaka malovu kuuma, kenaka ndinangophunzira kutseka makutu. Akamamenya basi, ine ndimangoyang'ana kutsogolo.

Koma pa zonsezi chimene chinkandipsetsa mtima koposa ndi munthu woyendetsa galimoto ndi pakamwa. Munandiphunzitsa nokha kuti m'galimoto dalaivala amakhala mmodzi. Tsono m'timu mwathu muli goloboyi, timamutcha Zikhatho. Si mwana ayi, ndi bambo wa ana atatu, wamkulu pa osewera onse. Zaka zingapo zapitazo anayamba kudandaula kuti akakhala kumbuyo amachita chizungulire, ndiye anadzatenga mpando wakutsogolo, pafupi ndi ine. Chikhalireni pamenepo pakamwa pake sipanatsekepo.

"Njinga iyo, madala. Bampu kutsogoloko. Uyu aima, uyu aima. Labiriwira, tiyeni."

Tsiku lina ndinamukalipira pamaso pa anzake. Ndinati, "Kodi iwe, layisensi unaitenga liti?"

Iye anangoseka. "Ndi matenda a ntchito, madala. Goloboyi akakhala chete ndiye kuti wafa. Ngakhale kunyumba ndimakuwira akazi anga akamadutsa pakhomo."

Basi yonse inafa nacho chiseko, ine ndekha ndili ndwii. Kangapo konse ndinakamunenera kwa akuluakulu a timu kuti amuchotse pampandopo, koma ankangoti ndimupirire.

Tsopano ndikuuzeni za lamulo lathu, chifukwa nkhani yagona pamenepa. Tsiku la masewero basi yathu sibwerera m'mbuyo. Kuyambira pomwe ndanyamula osewera mpaka wezulo yomaliza, giya ya rivesi sindiikhudza. Amati kalekale, ine ndisanabwere, dalaivala wina anabweza basi pageti la bwalo ndipo timu inathiridwa zigoli zochititsa manyazi, n'kubwerera m'mbuyo chaka chonse. Chiyambire pamenepo tikaphonya pokhotera timazungulira, ngakhale kukhale kutali bwanji. Ine sindinkakhulupirira zimenezi, mukundidziwa, koma ndinkasunga lamulolo. Ndipo kunena zoona zaka zapitazi linkandikomera, chifukwa magalasi oonera kumbuyo a basiyi anachita chifunga, ndipo kugalaja ankangoti alibe vuto.

Chaka chino timu yakhala ikuchita zosaoneka bwino, ili pansi penipeni, pafupi kutuluka mu ligi. Ndiye akuluakulu anabweretsa kochi watsopano, munthu waulemu wake, wodziwa ntchito, koma za lamulo lathu ankangozimva ngati nthabwala.

Lamulungu lapitali tinali ndi masewero pabwalo lathu. Titafika pageti la osewera tinapeza munthu wina waimika kagalimoto kake chopingasa pakhomo penipeni, watseka, wapita kukaonera mpira. Mukuona anthu a masiku ano? Kamsewu kake n'kopanikiza, uku khoma la bwalo, uku mpanda wa sukulu, moti pozungulira panalibe. Anyamata anati atsike akakanyamule kagalimotoko, monga tinkachitira kale zikatere.

Kochi anakana. "Sindilola kuti osewera anga athyoke misana masewero asanayambe. Madala, bwererani pang'ono tikalowere geti linalo."

Zikhatho ndiye anayankha. "Kochi, basi ino sibwerera m'mbuyo."

"Mpira amamenya ndi miyendo, bambo, osati ndi giya. Nthawi yatha."

Ndikanatha kukana, achimwene. Anyamata onse akanakhala mbali yanga. Koma mumtima ndinati ndikakana, munthu uyu aziti mdalayu sadziwa rivesi. Zikhatho anandiyang'ana nthawi yaitali, kenaka anati, "Dikirani nditsike, ndikakuonereni kumbuyo."

Anatsika atavala kale jezi yake yachikasu. Kunja kunali phokoso la malipenga ndi ng'oma za masapota, moti kwa nthawi yoyamba m'zaka zonsezi mawu ake sindinkawamva. Pagalasi ndinkaona chinthu chachikasu chikugwedezeka, ine n'kumati akundikodola kuti ndizibwerabe. Anyamata anayamba kumenya malata mwamphamvu. Ndinati ayamba nyimbo zawo zija, ndipo sindinachotse phazi mpaka basi inaima yokha.

Zikhatho anali pakati pa basi ndi chipilala cha khoma. Mwendo wakumanja unaphwanyika pansi pa bondo.

Masewero anachitikabe, pagolo panalowa wachiwiri wake, ndipo tinagonja. Ine ndinakhala m'basi nthawi yonseyo kudikira kuti anthu abwere adzandigende. Sanabwere. Anapita kukagenda kochi. Bwalo lonse linkaimba kuti wabweretsa tsoka, wabweza timu m'mbuyo, ndipo pofika Lolemba anali atamuchotsa ntchito. Apolisi anayeza kamsewu kaja, anamva za phokoso, anakoka kagalimoto kaja n'kupita. Palibe ndi mmodzi yemwe amene anandifunsa chimene ndinaona pagalasi.

Lachiwiri ndinapita ndekha kwa a Tcheyamani a timu yathu, kusitolo kwawo ya matayala. Ndinaika makiyi pakauntala n'kunena kuti, "Bwana, munthu uja ine sindinamuone."

Iwo anandigwira paphewa. "Mukanamuona bwanji, madala? Tsoka likabwera limayamba latseka munthu m'maso. Si inu, ndi rivesi. Zaka zonsezi munagundapo ndani?" Anandibwezera makiyi m'manja n'kupinda zala zanga. "Loweruka tili ndi masewero omaliza, koyenda. Tikaluza tatuluka. Anyamata anena kale kuti sakwera ndi dalaivala wina, chifukwa wodziwa lamulo ndinu."

Msewu wa kumene tikupitako ndi wa mapiri, wokhotakhota, wodzaza mathiraki. Ndinatuluka m'sitolomo makiyi ali m'thumba, ndipo ndisakunamizeni, mbali ina ya mtima wanga inakondwa.

Madzulo ake ndinapita kuchipatala. Ndinamupeza Zikhatho atagona chagada, mwendo uli m'zitsulo, akazi ake akumupukuta kumaso. Madokotala akuti adzayenda, koma zoima pagolo aiwale. Mayiwo anandipatsa mpando osandiyang'ana, n'kutuluka panja.

"Mwabwera wapansi kapena pagalimoto, madala?" anatero iye. "Ngati ndi pagalimoto ndiuzeni ndisunthe bedi."

Ndinayesa kuseka, zinakanika. Ndinayamba kupepesa, iye anakweza chikhatho chake chija ngati akutchinga mpira.

"Zimenezo zisiyeni, madzi akatayika saoleka. Ndiuzeni izi, Loweruka akuonerani msewu ndani?"

Ndinati, "Msewu ndimauona ndekha."

"Madala, ine chibadwire sindinachitepo chizungulire m'galimoto. Ndinasamukira kutsogolo tsiku lija munaima pamphambano ya kumsika kudikira munthu kuti awoloke. Panalibe munthu, chinali chikwangwani."

Kenaka ndinamufunsa chifukwa chake sanandiuze.

"Mukanamva? Mwana wanu wakuuzani kangati? Komanso ife agoloboyi sitiuza wotchinga kumbuyo kuti wakalamba. Timangomukuwira poti aime, mpaka masewero athe." Anatembenukira kukhoma. "Ndinkayesa ndikukuthandizani. Mwina tonse awiri tinalakwa."

Achimwene, ine munthu ameneyu ndinakamunenera kwa akuluakulu. Ndinamuchititsa manyazi pamaso pa anzake. Paja amati wakutsina khutu ndi mnansi, koma ine mnansi wanga ndamuthyola mwendo. Chisoni chimene ndili nacho sindingachilembe.

Dzulo m'mawa ndinatenga basi kupita nayo kugalaja kuti akawongole kumbuyo kuja. Munalibe aliyense, ndinali ndekha. Msewu umenewu ndauyenda moti ndinkati ndingaudutse nditatsinzina. Nditafika pamphambano ya kumsika ndinaima, n'kumadikira. Sindinadziwe msanga chimene ndinkadikira. Kumbuyo mahutala anayamba, wina anatsitsa galasi n'kunditukwana mtundu wonse, ine phazi lili pabuleki. Ndinkadikira kuti wina anene kuti tiyeni. Kumanja ndi kumanzere kunali zinthu zoyendayenda, koma kuti iyi ndi galimoto, uyu ndi munthu, ichi chili pafupi, icho chili patali, sindikanalumbira.

Mayi wina wogulitsa nthochi anadzagogoda pachitseko. "Bambo, kulibe galimoto, pitani."

Ndinapita chifukwa cha mawu a mayi wa nthochi. Pobwerera basi ndinaisiya kugalaja komweko, ndinayenda wapansi.

Ndinayamba kalatayi kuti ndidziteteze, ndipo ndaganizapo zong'amba masamba oyambawo, koma asiyeni muone mmene mng'ono wanu amaganizira. Makiyi ali patebulo pano. Mawa ndibwerera kwa a Tcheyamani, ndipo ulendo uno ndikawaponya pakauntala n'kuthawa asanandigwire paphewa. Ndikudziwa zotsatira zake. Anyamata akwera ndi mlendo mitima ili m'mwamba, akaluza, timu ituluka, ndipo anthu omwe anagenda kochi adzati mdala uja anatithawa pa tsiku la nkhondo. Ndikawauza za maso sakhulupirira, chifukwa nkhani ya rivesi ikuwakomera. Kochi ntchito yake sibwerera, mwendo wa Zikhatho subwerera. Kalatayi ikamakufikani Loweruka likhala litadutsa, ndiye musavutike n'kundilangiza.

Chimene sindikudziwa n'choti Lolemba ndidzadzukira chiyani. Chiwongolero ndiye ndasiya. Mpira nawo ndinasiya kale kuuona, ndakhala ndikungoimirira anzanga akaimirira, akakuwa nane n'kukuwa. Mlamu wanu akuti ndizikhala pakhonde ndizipuma. Dzulo ndinayesa. Ndinakhala kuyang'ana magalimoto akukhota pakona yathu ija, n'kumati uyu sanayatse, uyunso sanayatse, mpaka mlamu wanu anati, "Bambo, onsewo ayatsa." Ndiye mwina anthu aja ankayatsa ndithu, achimwene. Zaka zonsezi ndakhala ndikutukwana anthu osalakwa.

Mundiperekere moni kwa alamu, muwauze kuti jekete lija ndikuvalabe. Moni kwa ana onse, makamaka wamng'ono uja amati akadzabwera ndidzamuphunzitse galimoto. Mumuuze mwanzeru kuti apeze mphunzitsi wina. Mwana wanu namwino musamuuze kuti ndavomera, ndimuuza ndekha ndikapeza nkhope. Mukamapemphera mutchuleko Zikhatho ndi ana ake, ine mukhoza kundiika kumapeto.

Mukamayankha mulembe zilembo zikuluzikulu ngati zangazi, kuti ndisachite kupempha munthu kundiwerengera. Cholembera chija chilibe mlandu.

Ndine mng'ono wanu,
uja munkamutcha Hutala chifukwa cholira kwambiri.