Chithunzi cha Mkati mwa Mbaula

Lolemba, 4 Malichi

Mbaula za amisiri, bambo aja ndimawalangiza, ndaziona pasitolo ya zitsulo ya pafupi ndi depoti. Si zawo. Kufanana basi. Zopaka utoto wabuluu, zosanjikizana mpaka kudenga, mtengo wolembedwa pakatoni. Wotsika kwambiri kuposa wawo.

Ndinatsika minibasi ndisanafike. Kunyamula imodzi, kuipendeketsa, kusuzumira mkati. Mabowo opendekera aja. Makoma awiri, pakati dongo losakaniza ndi utuchi. Chilichonse. Mayi wogulitsa akuti, "Tengani amayi, makala a tsiku limodzi amakwana masiku atatu." Mawu a amisiri enieniwo.

Ndilembe muno poti kwina sindinganene. Mu Okutobala ndinapita kukawaona ngati mlangizi wa bungwe lathu lothandiza a mabizinesi ang'onoang'ono. Zaka zisanu ndi ziwiri bambo amenewa akuyesa mbaula imeneyi kuseri kwa nyumba yawo, kuphwanya, kuumbanso. Anandionetsa ina yodula pakati, nkuti, "Kunjaku jambulani mmene mungafunire, alangizi, koma mkatimu ayi. Ndi modyera mwanga." Atalowa m'nyumba kukanditengera mpando, ndinajambula. Kawiri.

Sabata yotsatira, maphunziro. Anthu makumi atatu m'holo. Chithunzi chija ndinachiwalitsa pakhoma, chachikulu ngati chitseko. Ati ndikuwaphunzitsa kuganiza zatsopano. Anaomba m'manja, ine mtima mbee. Mwini sitolo ya zitsulo anali pamzere wakutsogolo, foni m'mwamba. Ndinamuona. Ndinapitiriza kulankhula.

Nkhomaliro lero sindinadye.

Lachitatu, 6 Malichi

Ofesi. Fani yafanso, thukuta lokhalokha. Lipoti likufunika Lachisanu. Abwana akuti alendo otipatsa thandizo abwera kumapeto kwa mwezi, tiwaonetse anthu amene tawatukula. Woyamba pamndandanda, amisiri.

Ali pakalendala yathu, tsamba la mwezi uno, pamwamba pa tebulo langa penipeni. Nyundo m'manja, mano onse panja. Ndinawauza ndine kuti aseke.

Ntchito yanga ikutha mu Juni. Kuwonjezera kapena ayi, zidalira alendowa. Lendi yakwera. Nsapato za mwana wanga wamng'ono zabooka kuphazi.

Ndatembenuza mpando kuyang'ana kuwindo. Msana ukuwaonabe.

Lachisanu, 8 Malichi

Ndapita kwa amisiri. M'njira monse ndimati ndikangofika ndinena.

Khonde lodzaza mbaula, mwina makumi anayi, fumbi layamba kukhalapo. Kale zinkatha utoto usanaume. Malesitilanti atatu amene ankagula kwa iwo asiya. Amisiri aonda, kolala ya malaya ikuchita kulendewera. Akazi awo anatipangira tiyi. Shuga anathira m'kapu yanga yokha.

Ndisanatsegule pakamwa, anayamba okha. Wakuba akumudziwa. Mkamwini wawo. Zaka zinayi akuwotcherera malata pambali pawo, yekha wodziwa za mkati. Wina anamuona atakhala pakhonde pa sitolo ija, akuseka ndi anthu a pamenepo. Anamuthamangitsa masabata awiri apitawo, zida zonse kumulanda. Mwana wawo wamkazi, woyembekezera, mwezi wachisanu ndi chitatu, anatsatira mwamuna wake. Foni ya bambo ake sakuyankha.

"Munthu ndinkadya naye mbale imodzi," anatero. "Bola inu alangizi. Wobwera, koma wotifunira zabwino."

Ndinamwa tiyi yense mpaka pansi. Ndinalankhula za kusintha utoto, za kudinda dzina pambaula iliyonse, za kukayesa misika ina. Pakamwa pankangoyenda pokha. Anandiperekeza mpaka pamsewu atandinyamulira chikwama.

Ndine munthu wamtundu wanji?

Lachiwiri, 19 Malichi

Masiku onsewa osalemba. Kabukuka ndimachita kukalambalala.

Ndakumana ndi mkamwini uja. Kudepoti, akutsitsa matumba a simenti m'lole, mutu woyera ngati nkhalamba. Ndinafuna kuwoloka msewu. Anali atandiona kale. Anapukuta dzanja pabuluku, kenako anaona kuti silinayere, nkungoweramitsa mutu.

Akukhala m'kachipinda kamodzi kuseri kwa malo ochapira magalimoto. Pansi pamanyowa. Mkazi wake miyendo yatupa. Pasitolo paja ankapita kukagula ndodo zowotcherera, atatumidwa ndi apongozi ake omwewo.

"Alangizi, apongozi amakumverani inu. Kawauzeni kuti si ine. Ntchito asandibwezere, palibe kanthu. Koma mkazi wanga akulira tsiku lililonse."

Ndinati ndiyesa. Ndinamupatsa ya thiransipoti yanga, iye kuthokoza ndi manja awiri. Kuthokoza ine! Ndayenda wapansi mpaka kunyumba, matuza awiri kuchidendene. Akuchepa.

Loweruka, 23 Malichi

Ndinapita kwa mwini sitolo. Sindikudziwa chimene ndimayembekezera. Mwina kuti achite manyazi, ndimugawireko anga.

Anandilandira ngati m'bale. Mpando, chakumwa chozizira. Anandilowetsa kuseri. Shedi yatsopano, anthu asanu ndi mmodzi akudula malata, amayi awiri akuponda dongo. Mmodzi wa amayiwo mwana kumsana, akuti aka nkoyamba kulandira malipiro a pamwezi.

Ndinati nzeru imeneyi ili ndi mwini wake. Anaseka mpaka kutsokomola. "Mwini wake ndani, madamu? Munatiphunzitsa ndinu. Munati tisamangogona, tiziona zimene anzathu akuchita. Ine ndinamvera."

Sananame. Ndipo mbaula zake nzabwino, ndinayang'anitsitsa kufuna mng'alu, osaupeza. Ndikanakonda zikanakhala zoipa.

Potuluka anandipatsa imodzi yaulere. Ndinakana. Anaituma kuofesi.

Lolemba, 25 Malichi

Dzulo ndawauza bambo a ana za chithunzi chija. Tikuchapa, iwo kutunga madzi, ine kufinya. Anaika ndowa pansi, nkuti, "Dikira Juni adutse. Ukasaina kaye, ukanene. Ana awiriwa sadya kupepesa."

Ndinapitiriza kufinya. Akunena zoona. Koma mwana wa amisiri uja achira Juni asanafike, m'chipinda chonyowa, amayi ake palibe.

Abwana amva za shedi ija. Asangalala. Ntchito zisanu ndi zitatu zatsopano, zochokera m'maphunziro athu! Akuti ndiziike m'lipoti, tsamba loyamba. Ndaziika.

Lachinayi, 28 Malichi

Alendo. Magalimoto awiri, zipewa, mabotolo a madzi. M'mawa kwa mwini sitolo, masana kwa amisiri. Palibe anaona kuti mbaula ndi imodzimodzi. Kapena anaona nkuyesa kuti ndiko kutukuka kwake.

Amisiri anasesa bwalo, anavala jekete. Mbaula zosagulidwa zija anazisanja bwinobwino, alendo nkumati taonani katundu kuchuluka. Atapemphedwa kulankhula anagwira chipewa pamtima. Ine ndinali womasulira. "Mayi awa ndi mwana wanga. Akanakhala anthu onse ngati iwowa, bwenzi umphawi utatha." Ndinamasulira ndi pakamwa panga. Alendo anaomba m'manja, wina kundisisita paphewa.

Akazi awo sanaombe. Maso anali pampando wopanda munthu pamene ankakhala mwana wawo polandira ndalama za ogula.

Pobwerera ndinapempha adalaivala aime. Ndinasanza m'mbali mwa msewu. Ndinati ndi dzuwa.

Lachiwiri, 2 Epulo

Ndanena.

Ndinapita m'mawa, osadzera kuofesi. Ndinawapeza akudula lata. Mpando ndinakana. Ndinatulutsa foni, kutsegula chithunzi, kuwapatsa. Tsiku lalembedwa pansi pake. Ndinafotokoza zonse, za holo, za khoma, za foni ya mwini sitolo. Kuti mkamwini wawo sanalakwe kanthu. Kuti ndakhala ndikudziwa mwezi wathunthu, ndipo tiyi wawo ndinamwa ndikudziwa.

Anayang'ana chithunzicho nthawi yaitali. Anachikulitsa ndi zala, ngati akuona ntchito ya munthu wina. Anandibwezera foni ndi manja awiri. Anatola lumo, kupitiriza kudula. Lata linakhota, iwo osaona.

Ndimayembekezera kutukwanidwa. Ndimakufuna.

Akazi awo anali pakhomo, anamva zonse. Iwo ndiwo analankhula, osati kwa ine, kwa amuna awo. "Ndinakuuzani. Mwana uja anagwada apa, akulumbira. Inu munamuponyera nsapato zake pamsewu."

Amisiri anaika lumo pansi. "Ndiye kuti mwana wanga ndinamuthamangitsira chabe." Anabwereza kawiri. Kenako kwa ine, motsitsa, "Pitani, mayi."

Mayi. Osati alangizi.

Palibe anandiperekeza.

Lachisanu, 5 Epulo

Ndawauzanso abwana. Anatseka chitseko. Akuti palibe lamulo ndaphwanya, amisiri sanalembetse nzeru yawo kulikonse. Akuti ndisalembe pena paliponse, alendo asanatumize yankho. Ndinapempha kuti bungwe liwathandize kupeza msika wa masukulu, kapena makina opindira malata. "Tiona chaka cha mawa." Anandiyang'ana mosiyana ndi kale. Za Juni sanatchule.

Kunyumba bambo a ana akungoyankha ee ndi ayi. Nsapato za wamng'ono azimata okha ndi guluu.

Ndaimbira amisiri katatu. Ikuitana, osayankhidwa. Kwa mkamwini sindinapite. Ndikadutsa kudepoti ndimayang'ana kwina. Ndimayesa ndikanena zipepuka. Sizinapepuke.

Lachitatu, 10 Epulo

Alonda abwera kudzandiuza kuti pageti pali bambo akundifuna, akukana kulowa.

Amisiri. Malaya ositidwa, ndevu zometa, m'manja kajumbo ka sopo ndi matewera. Mdzukulu wawo wabadwa dzulo, wamkazi. Amva kwa anthu oyandikana nawo, mwana wawo sanawatumire mawu. Akazi awo anapita kuchipatala mbandakucha. Iwo anafika pakhomo la wodi, nkubwerera.

Moni wanga sanayankhe. "Sindinabwere kudzakukhululukirani, zimenezo sindinaziganize. Ine ndakalamba osapepesapo kwa mkamwini, poyambira sindikupadziwa. Tiyeni mukanene ndi pakamwa panu, pamaso pa mwana wanga, zonse mmene munandiuzira ine. Mukamaliza inu, ndigwada ine."

Ndinawapempha mphindi zisanu zotengera chikwama. M'mphindi zimenezo ndi mmene ndikulembera izi. Abwana asuzumira, akuti msonkhano wa za Juni uyamba teni koloko, wina asachoke. Ndati ndamva.

Makiyi a kabati ndasiya patebulo, angawafune. Pawindo ndikuwaona. Alonda awapatsa benchi, akana. Aima padzuwa, kajumbo akukasinthasintha manja. Ayang'ananso kuno. Ndikupita.