Chiwaya cha Bonface

Loweruka

Dyna 13:52
Tisu soseji ija ndaipeza. shopu ya ma Polish ya kuno ku Springburn. ndinangoloza ndi chala, dzina lake lilime langa likukana

Dyna 13:53
[chithunzi]
ndi yomweyi ankagula bambo ako?

Tisunge 14:01
aye thats it mum. kielbasa

Dyna 14:01
yankha Chichewa iwe, ndine mayi ako osati dalaivala wa basi

Tisunge 14:02
ndi yomweyo amayi 🙄

Dyna 14:04
alamu aCatherine mwaswera bwnj. mwana ndikumudikira 5 koloko monga tinapanganira. chimwalirireni achimwene anu, mwanayu akugona kwanu ku Maryhill. lero adye kwawo agone pa bedi pake

Catherine 14:16
Taswera bwino mayi a Tisu, tili ku choir practice. Za mchere zija mukukumbukira eti? Amalume ku Nsanje ananenetsa. Mkazi wamasiye sathira mchere m'chakudya cha mwana mpaka mwambo utachitika kumudzi.

Dyna 14:17
ndiiwala bwanji poti mumandikumbutsa daily. ine ndemwe ndiwo ndikudya zopanda mchere ngati wodwala BP, kwathu ku Dedza zimenezi sindinazimvepo kma ndikutsatira

Dyna 14:18
ndye chakudyachi ndasankha dala. soseji imeneyi ili ndi mchere wake kale, anathira ma Polish eni ake. dzanja langa silikhudza kanthu

Catherine 14:21
Chabwino. Sindikufuna zija zichitikenso. Sabata ya maliro ija mwana atadya zanu anabanika, ndinathamanga naye kuchipatala ndine.

Dyna 14:21
ndi asthma. anabadwa nayo. adokotala ananena inu muli pompo

Catherine 14:22
Adokotala a kuno tsempho salidziwa.

Tisunge 14:22
can yous no start pls

Dyna 14:30
Tisu tandiuze. chiwaya chakuda cha bambo ako ndachitsitsa, kulemera kwake ngati chitseko cha galimoto. ankayamba chani, anyezi kapena soseji? Loweruka lililonse ankaphika yekha, ine kundithamangitsa kukhitchini ati ndimatakasa kwambiri

Tisunge 14:33
soseji first. mudule ma circle muikazinge mpaka mafuta atuluke, then muichotse. mbatatesi mu mafuta omwewo. anyezi last coz amapserera

Tisunge 14:33
and DONT stir it. dad amati zisiyeni zigwire pansi

Dyna 14:34
kkkk mawu ake enieni. ankanena atanyamula chipande ngati mphunzitsi

Tisunge 14:35
kma mbatatesi muwiritse kaye pang'ono. wee cubes

Dyna 14:44
zili pamoto kale. ndadula timabokosi ting'onoting'ono. anyezi ndikusenda, misozi ili chuchuchu ndye sindikudziwa ngati ndi anyezi

Tisunge 14:47
did u salt the water? he always put loads

Dyna 14:48
ee ndathira kadzanja kamodzi

Dyna 14:48
[wafufuta uthenga]

Catherine 14:50
Ndawerenga kale.

Dyna 14:50
alamu dikirani

Dyna 14:51
dzanja linangopita lokha. kuyambira ndili kamtsikana ndikaika mbatatesi pamoto mchere umatsatira. mutu unali kwa Bonface

Dyna 14:53
[chithunzi]
onani. zonse mu bin. madzi ndataya, poto ndatsuka ndi sopo

Tisunge 14:54
its ma fault i asked. sorry auntie

Dyna 14:54
usapepese iwe, walakwa chani. ndikupita kukagula zina, nthawi ilipo

Dyna 15:26
ndabwera. mvula yandimenya mpaka mu nsapato. botolo la mchere ndalitulutsa m'nyumba, ndaliika panja pa masitepe. alamu mukufuna chithunzi?

Dyna 15:27
[chithunzi]

Dyna 15:41
alamu

Catherine 15:58
Mwana akanapanda kufunsa bwenzi mutanena? Bwenzi atadya. Ndiimbira amalume ndimve kuti titani.

Dyna 15:59
amalume alowa bwanji mu poto wanga. munthu sanaionepo soseji ya ma Polish chibadwire

Dyna 16:12
Tisu zatsopano ndawiritsa ndi madzi okhaokha. soseji yatulutsa mafuta ofiira, nyumba yonse ikununkha ngati bambo ako ali muno. ndatembenuka kufuna kumuuza atsegule windo

Dyna 16:20
mbatatesi zili m'chiwaya. sindikutakasa. manja ndaika kumbuyo

Dyna 16:27
chija chochenjeza za moto cha kudenga chalira ndi utsi, ndachikupiza ndi chitenje chasiya. a neba agogoda khoma. agogode

Dyna 16:36
[chithunzi]
taona zagwira pansi bwinobwino, zofiirira. anyezi walowa, soseji yabwerera. wanyamuka?

Catherine 16:49
Ndalankhula nawo. Akuti kutaya mbatatesi sikuthandiza, dzanja lathira kale pa moto wa m'nyumbamo. Mwana asadye chilichonse chophikidwa kumeneko mpaka inu mufike kumudzi mwambo uchitike. Pepani, si mawu anga.

Dyna 16:50
ndifike kumudzi

Dyna 16:50
INE

Dyna 16:53
[uthenga wa mawu 1:12]
Alamu, tandiuzani bwinobwino, ndifike kumudzi ndi chani? Mapepala anga sanatuluke, mukudziwa. Ndikakwera ndege muno sindilowanso, mukudziwanso. N'chifukwa chake mwamuna wanga munapita naye nokha, ine kumuika m'manda ndinaonera pa foni ya munthu, network ikudukaduka, bokosi likutsika chithunzi n'kuima. Ndinakhala chete. Mwati usathire mchere, ndakhala chete. Mwati mwana ayambe wakhala kwathu, ndakhala chete. Lero mukuti mpaka ndipite kumene sindingapite? Ndiye nenani poyera kuti mwana mwatenga. Nenani! Masana muli ku kwaya, madzulo muli pa WhatsApp ndi amalume kundizenga mlandu. Mwana ameneyo ndinabereka ndine, ndinamuyamwitsa ndine, sanafe ndi bere langa, afa lero ndi mbatatesi?

Catherine 17:02
Mwatha?

Dyna 17:02
sindinayambe

Catherine 17:06
Bonface anali mchimwene wanga mmodzi yekhayo. Ndinamubereka kumsana amayi ali kudimba. Amene watsala wa magazi athu ndi mwana ameneyu basi. Tsiku lija milomo yake inasintha mtundu ali m'manja mwanga mu taxi. Mwina ndikulakwa, mwina amalume akulakwa. Koma bola mundide mwana ali moyo.

Dyna 17:07
ndye ine sindikufuna akhale moyo?

Catherine 17:08
Sindinatero. Kumuona mutha kumuona. Mawa bwerani ku church, mukhala naye benchi imodzi.

Dyna 17:08
mwana wanga ndizikamuona pa benchi ngati mlendo. mxm

Dyna 17:10
Tisu ndikulankhula ndi iwe tsopano. uli ndi zaka 15, bus pass uli nayo. vala jekete ukwere basi. ndikakudikira pa stop

Dyna 17:18
Tisunge

Dyna 17:25
ndikuona kuti ukuwerenga

Tisunge 17:31
mum am scared

Tisunge 17:32
i know its daft. ndikudziwa ndi asthma. kma tsiku lija i couldnae breathe n i thought ndikupita kumene dad apita. every time i think about eating there ma chest goes tight

Dyna 17:33
ndye nawenso ukuti ndikupha ndine

Tisunge 17:33
thats no what i said

Dyna 17:34
ndi zomwezo. akudyetsa mantha mpaka wakhuta. chabwino khala konko. azakhali ako akuphikire, manja awo ndi oyera

Catherine 17:36
Mayi a Tisu, mwana akulira kuno. Taganizani kaye musanalembe.

Dyna 17:36
alire. ine ndalira ndekha muno masiku onsewa ndani anabwera

Catherine 17:39
Ndamuuza aike foni pansi. Tikambirana mukaziziritsa mtima.

Dyna 17:52
ndazimitsa moto

Dyna 17:58
ndalawa kamodzi. mchere wa soseji wakwana wokha mwana wanga, sipakufunika wina. pansi pokha papserera pang'ono kma iwe ndi bambo ako ndi pomwe munkalimbirana

Dyna 18:07
Tisu zija ndalemba zija usazitenge. pakamwa panga umapadziwa. mbale ndinatulutsa ziwiri kuyambira m'mawa, bedi lako ndinayala, heater ndayatsa kuchipinda kwako kuti chifuwa chisakuvute. inhaler yako ina ili pa windo

Dyna 18:15
[waimba foni, sinayankhidwe]

Dyna 18:16
[waimba foni, sinayankhidwe]

Dyna 18:24
alamu pepani za kwaya zija. ndalankhula udyo. mupatseni foni mwana pls

Dyna 18:31
afunseni amalume ngati palibe njira ina. kaya atumize mankhwala pa ndege, kaya achite pa video ine nditagwada kuno, chilichonse ndichita. tsitsi ndimeta lero lomwe

Catherine 18:40
Ndinawafunsa kale zimenezo. Akuti pamafunika munthu mwini wake pamanda.

Dyna 18:41
ndye liti alamu

Dyna 18:41
mapepala akakanidwa ndye liti

Dyna 18:55
Tisu chabwino usadye. idya konko ukhute. ungobwera ukhale pa mpando wa bambo ako, chiwaya ndibisa mu oven usachione n'komwe. ngakhale madzi ubwere ndi ako m'botolo

Dyna 19:03
sindikukhudza ngati ukuopa

Dyna 19:04
ungobwera