Mkazi Mnzanga Ali ndi Mapiko

Loweruka, 8 Malichi

Mvula, mwa nthawi zonse. A Ephraim alawirira, ovolosi m'chikwama, tiyi mufulasiki, ulendo kwa mkazi mnzanga. Ine ndatsala ndi boyila yotenthetsa madzi yomwe inafa mu Januwale. M'nyumba muli injiniya wathunthu, wopanga sitima zapamadzi ku Govan kuno ku Glasgow, koma mkazi wake akusamba madzi a m'ketulo.

Mkazi mnzangayo ndi ndege. Ndilembe bwinobwino, tsiku lina ndisadzadziyese wamisala. Ndege ya pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, Spitfire, ya mpando umodzi. Inagwera m'dambo kumpoto uko kalekale, anthu osowa chochita n'kukaifukula ngati chinangwa. Pano ili m'chishedi kunja kwa tauni, madala achisikoti ndi Mmalawi mmodzi akuipembedza. Mmalawiyo ndi wanga. Chaka chachisanu ndi chimodzi chino. Loweruka lililonse, Lamulungu tikangoweruka kutchalitchi, holide yonse. Akuti idzaulukanso. Malipiro ake? Tiyi ndi mabisiketi.

Abwera madzulo akununkha penti. Adya, ayamika ndiwo, agona.

Lachiwiri, 11 Malichi

Kuntchito wodi yodzaza, miyendo yanga yatupa. Kufika kunyumba ndapeza bwana patebulo lodyera, magalasi pamphuno, singano m'manja. Akusoka! Akuti chiwongolero cha kumchira kwa ndege chimakutidwa ndi nsalu, osati chitsulo, ndipo mfundo iliyonse iyenera kufanana ndi inzake, ndiye akuyeserera kaye. Munthu amene chikwatiranireni sanasokepo batani.

Ndinaima pakhomo jekete ili m'thupi. Zala zija. Kufatsa kwake, kuisisita nsalu ija kuti isachite makwinya. Sanatembenuke n'komwe. Zinandiwawa, ndisaname. Nsanje ndi nsalu, Matilda, pa msinkhu wakowu.

Mng'ono wanga Vera waimba kuchokera ku Leeds. Kwake kuli chipinda chongokhala, ndipo kuchipatala kwawo akusaka manesi. "Achemwali, mukudikira chiyani kumeneko, mendulo?" Ndamuuza kuti ndimuyankha pakutha pa Meyi. Ndikapita, ndapita. Zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi za banja ndiziika m'sutikesi.

Lamulungu, 16 Malichi

Banja silitha ankhoswe osadziwa. Enieniwo ali ku Ntcheu, wina anamwalira, wina makutu anagontha. Kuno otiimirira ndi a Ezekiel, mkulu wa mpingo, akauntanti, munthu wa tayi ngakhale kokagula buledi. Nthawi ya tiyi ndawakokera pambali. Ndati bambo, banja likugwa.

Kapu pansi. Mafunso anayi, mwa dongosolo lake. "Akumenyani?" Ayi. "Mowa?" Ayi. "Pakhomo sakusiya kanthu?" Akusiya. Kenako motsitsa mawu, maso kudenga: "Pali wina?" Ndati pali ndege.

Anatsokomola kwa nthawi ndithu. Kenako anakonza tayi, n'kunena kuti Loweruka apita okha kushedi kuja akawadzudzule pomwepo, pamaso pa ndegeyo. Ndabwerako mtima uli m'malo. Ndagula mpaka maluwa a pawindo.

Loweruka, 22 Malichi

Ankhoswe anga apita kukadzudzula. Anati ola limodzi likwana.

Abwera dzuwa litalowa, m'galimoto ya a Ephraim, tayi m'thumba, girisi mpaka m'zigongono, onse awiri akuseka ngati anyamata ochokera kumpira. Kumeneko anawapatsa kachitsulo koti azigwiriza kuseri kwa phiko pamene a Ephraim akukhoma maliveti kutsogolo. Tsiku lonse. Mkulu wa mpingo. "Mayi, phiko lija mukanaliona! Anthu akale aja ankadziwa ntchito." Nanga nkhani yanga? "Tiipeza, mayi, tiipeza, zimenezi sizifuna phuma."

Kutuma munthu kukalanditsa mwamuna, iyenso n'kukakodwa komweko. Afunsa kale komwe amagula ovolosi. Akazi awo andipatsa moni wa m'mphuno pafoni.

Lachinayi, 3 Epulo

Mwana wathu Tiyanjane wabwera kuchokera ku Hillhead ndi chimtolo cha zochapa. Yunivesite ikuphunzitsa zonse kupatula sopo. Wandiona nkhope, wafunsa, ndamuuza pang'ono. Yankho m'Chingerezi chake cha kuno chomeza mawu: bwanji osangolankhula nawo adadi?

Ana obadwira kuno. Ngati kuti mwamuna umangomukhazika pansi n'kuyamba kumuwerengera. Zinthu zili ndi njira yake, n'chifukwa chake kuli ankhoswe. Ndipo ndani wati sindinalankhule? Ndinasiya kusita ovolosi. Ndimagona chofulatira kuyambira Khirisimasi. Sabata yathunthu ndinaphika ndiwo zopanda mchere. Munthu wamakutu akanamva kalekale. Iwo anandithokoza, akuti mchere wochepa ndi wabwino kwa munthu wa BP.

Mwanayo anaseka mpaka kugwira khoma. Kenako anasiya kuseka n'kufunsa ngati za ku Leeds zomwe anamva kwa Vera ndi zoona. Ndinamupatsa nkhuku ya mufiriji apite nayo.

Loweruka, 12 Epulo

Tsiku lolizira injini koyamba, mabanja aitanidwa. Ndapita. Mdani uyenera kumuona nkhope.

Chishedi chozizira kuposa mochale. Mkulu wawo a Hamilton, dala lowerama la timakina m'makutu onse awiri, anandigwira chanza ndi manja awiri. Akuti manja ngati a Ephraim sanawaonepo, odekha, osatopa, ndine mkazi wamwayi. Ndati zikomo, nanenso ndimangomva.

Ali ndi lamulo lawo. Chida chilichonse chili ndi msomali wake pakhoma, chojambulidwa mthunzi wake ndi penti. Injini siliza mpaka zonse zibwerere m'malo, kuopa kuti china chatsalira m'mimba mwa ndege. Ndiye lero kasipanala kamodzi kanasowa. Kakang'ono ngati chala. Azibambo a imvi kugwada pasimenti, matochi kukamwa, kukwawa, kuitanizana. A Ephraim anapisa mkono mpaka paphewa m'mbali mwa ndege, n'kukatulutsa. M'manja! Kukumbatirana! Nthawi yonseyo ine ndinali nditatuluka kukakhala m'galimoto, ndinabwera kasipanala katatsala pang'ono kupezeka. Palibe anaona kuti ndinachokapo. Msomali wanga pakhoma palibe.

Kenako anaikankhira panja n'kuiliza. Utsi, kutsokomola, kenako chimkokomo chomvekera m'chifuwa, udzu wonse kugona. Ndinayang'ana a Ephraim. Misozi mbwembwembwe, osapukuta. Pa maliro a mayi awo maso anali gwa.

Chondinyansa kwambiri n'chakuti ndegeyo ndi yokongoladi.

Lamulungu, 27 Epulo

Mlandu wakhala lero pabalaza pathu. Mbali yanga a Ezekiel, zikhadabo zikadali zakuda. Mbali ya a Ephraim, a Leonard a kutchalitchi kwathu. A Ephraim kudabwa kuona alendo a majekete: "Kodi pali vuto?" Ndithu. Mawu awo amenewo.

A Ezekiel anandiyankhulira, monga mwa mwambo. Anazungulira, anadutsa ku Aefeso, anabwerera, n'kudzatera apa: mayiwa akudandaula za boyila. Boyila! Pa zonse ndinawauza zija, chogwirika chinali chimenecho. Kumenya palibe, mowa palibe, chibwenzi palibe, ndiye mlandu aupeze pati? Kusungulumwa si mlandu. Kulibe ankhoswe anayamba aweruzapo zimenezo.

Anandifunsa ngati ndili ndi choonjezera. Pamaso pa azibambo atatu, mmodzi mkulu wa mpingo, ndinene kuti chiyani? Kuti ndikufuna mwamuna wanga azindiyang'ana ndikalowa m'nyumba? Kuti andigwire? Ndinayang'ana kapeti n'kunena kuti palibe.

Chigamulo: boyila ikonzedwe, mayi apirire, ndipo athokoze Mulungu chifukwa amuna osamwa ndi osayendayenda akusowa masiku ano. Pemphero. Fanta. Kenako nkhani ya pulopela ya ndege mpaka a Leonard kupempha kuti nawonso adzapite.

Lolemba, 28 Epulo

Boyila yakonzedwa ndisanamalize kuphika. Kachitsulo kamodzi basi. "Mukanangonena, mayi a Tiya."

Ndalira m'bafa, m'madzi otentha bwino.

Loweruka, 17 Meyi

Yauluka.

Kunja kowala, ngakhale Glasgow anavala bwino. Woyendetsa ndi mzimayi wa ku England, wamfupi, wosalankhulalankhula. Analowa, anatseka galasi, anathamangitsa pa udzu, kenako mawilo anasiya nthaka ngati si kanthu. Inazungulira pamwamba pathu, mapiko aja akung'anima. A Hamilton anavula chipewa. Ankhoswe athu onse awiri kulumpha ngati ali pa chitsitsimutso. Nanenso ndinapezeka ndikululutira, pakamwa panandipereka.

Pobwerera m'galimoto m'pomwe ndamva. Ndegeyo si yawo. Mwini wake ndi munthu wina wachuma kum'mwera uko, Lachitatu ikupita, sidzabweranso. A Hamilton akupuma, shedi akutseka. A Ephraim ankadziwa chiyambire. "Ntchito yathu inali yongoidzutsa." Zaka zonsezi kusisita mkazi wa mwini.

Ndiye ndapambana. Popanda ankhoswe, popanda kutsegula pakamwa. Ndimayembekezera kuti ndikondwa.

Loweruka, 24 Meyi

Loweruka loyamba mwamuna ali pakhomo. Ndinavala diresi yabuluu, ndinaphika mandasi. Anatsika, anakhala pampando, manja pamaondo. Ine uku, iwo uko.

Anafunsa komwe timasunga shuga. Ndinawaonetsa. Anati mandasi akoma. Ndinati zikomo. Anati mabini a zinyalala amatenga Lachiwiri eti? Ndinati Lachinayi. Zii. Wotchi ya pakhoma ija sindinkadziwa kuti imasokosa chonchi.

Pofika masana anali atakonza chitseko cha kabati, mpope wa kukhitchini, ndi wailesi yomwe sinawonongeke. Kenako anakhalanso pansi n'kundiyang'ana, kuyang'ana kwenikweni, kumene ndakhala ndikukufuna zaka zonsezi. Ndinadzuka kukatsuka mbale zotsukatsuka.

Ndaimba kuwodi kufunsa ngati akusowa munthu mawa. Akusowa. Ndavomera msangamsanga. Ine yemwe uja, wodandaula kuti mwamuna sakhala pakhomo.

Ndinkati ndege inandilanda mwamuna. Mwina inangotisungira malo oti tisamaonane. Ndikuchita mantha.

Loweruka, 31 Meyi

Vera akufuna yankho lero, watumiza kale uthenga kawiri. Ndadzitsekera kuchipinda kuyambira m'mawa, ati kupinda zovala.

Foni inalira pansipo. Tiyanjane, kuimbira bambo ake. Mawu sindimawamva, koma ndinamva a Ephraim akuti "Leeds?" Mwana uja waulula zonse. Wachita m'mphindi zochepa zomwe zakanika ankhoswe awiri ndi majekete awo. Mwano wa kuno uli ndi ntchito yake.

Akukwera masitepe. Aima pakati. Atsika. Mpope kukhitchini. Akukweranso, pang'onopang'ono, ngati anyamula chinthu chosweka.

Aima pakhomo. Sanagwire chitseko.

"Odi."

Kuchipinda kwawo komwe. Bedi lawo, mapilo awo, mkazi wawo, munthu akuodira ngati mlendo wochokera kutali. Ndimafuna ndiseke, zikukanika. Palibe wondiyankhulira muno.

"Odi, Matilda." Dzina langa lenileni. Ndinali nditaiwala mmene limamvekera pakamwa pawo.

Ndiyenera kuyankha. Ndikati lowani, ndiye kuti zonse ndizinena ndi pakamwa panga. Cholembera pansi.