Tulo ta Alamu Anu

Okondedwa Achemwali,

Landirani moni wanga poyamba, nkhani zibwere pambuyo. Mukudzuka bwanji kumeneko? Mwendo wa amayi uja ukutupabe, kapena mankhwala aja anathandizako? Nanga bambo a kunyumba kwanu msana wawo uli bwanji? Ife kuno kudwala ayi, koma ndikati tili bwino ndikhala ndakunamizani. Ndasankha kulemba chifukwa pa foni mumandidula pakamwa ndisanamalize, komanso nkhaniyi sindifuna kuti mwana aimve.

Za mtauni n'zomwe zija. Eni nyumba anakonza denga, koma kudontha kwangosamukira kuchipinda china. Mwana wanu mano awiri akutsogolo aguluka, ndiye akamaseka amatseka pakamwa ndi dzanja ngati munthu wamkulu. Kusukulu akuti ndi wanzeru koma wolongolola. Ndinawauza aphunzitsi kuti zimenezo anatengera kwa amayi ake aakulu.

Kumene kwavuta ndi kuntchito. Kampani yathu ya ndege yatenga maulendo ena atsopano, pomwe oyendetsa ndege ambiri anathawira kumakampani akuluakulu. Ndege zachuluka, anthu achepa. Paja inu mumanena kuti alamu anu amangokhala pampando n'kumadina mabatani, ine n'kumangogawa tiyi ndi kumwetulira. Mundilole ndikufotokozereni pang'ono mmene zimakhalira.

Ntchito yathu ili ndi malamulo a boma. Woyendetsa ndege ali ndi maola amene sayenera kupitirira pa tsiku, ndipo amawerengedwa kuyambira pamene wafika kubwalo la ndege, osati pamene ndege yanyamuka. Akaweruka ayenera kupuma mokwanira asanaitanidwenso. Ifenso osamalira apaulendo lamuloli limatikhudza. Koma lamulo lomwelo linasiya kakhomo kakang'ono: pakagwa zamwadzidzidzi, monga mphepo yamkuntho kapena ndege kuchedwa kukonzedwa, kaputeni angathe kuvomera kuwonjezera pang'ono kuti anthu asagone panjira.

Kwathu kuno kakhomo kameneko ndi komwe timalowera tsiku ndi tsiku. Wogawa maulendo amawathinanitsa dala, akudziwa bwino lomwe kuti sitingamalize pa nthawi yake, ndiye zamwadzidzidzi zimagwa kuyambira Lolemba mpaka Lamulungu. Kaputeni wina anakana kamodzi, nati anyamata ake atopa. Sanamuchotse ntchito ayi. Anangosiya kumupatsa maulendo mpaka anachoka yekha. Chichokereni iye, mawu oti ndatopa ali ngati kutukwana.

Kaputeni amene alamu anu amayenda naye kawirikawiri timamutcha Kadzidzi, chifukwa amadzitama kuti iye ndi tulo anasiyana kalekale. Ameneyo sanakanepo kuwonjezera. Iye akavomera, alamu anu poti ndi womuthandiza chabe anganene chiyani? Amafika kunyumba maso ali psuu. Akati agone masana, ana a anansi akumenyetsa mpira kukhoma, wowotcherera zitsulo kuseriko naye ali pakalapakala ndi makina ake. Tsiku lina ndinawapeza atagona pampando nsapato imodzi ili kuphazi, ina ili m'manja. Ndinaseka mpaka misozi, koma lero ndikakumbukira sindisekanso.

Tsono imvani zimene zinachitika sabata yatha. Mnzanga wina anadwala, ine n'kulowa m'malo mwake, ndiye ndinapezeka m'ndege ya alamu anu ndi Kadzidzi. Dzulo lake anali atawonjezeranso maola, n'kugona kuhotelo ya pafupi ndi msewu waukulu, kenako n'kudzutsidwa kuti abweze ndege. Unali mmawa, dzuwa lili ngwee, kumwamba kopanda ndi kamtambo komwe. Ndege inali yodzaza, ana asukulu, amalonda, mayi wina ndi khanda la masabata ochepa.

Pa ulendo wautali amaloledwa kuti mmodzi atsinzineko pang'ono pampando pake pomwepo, mnzake ali maso. Mbali yathu ndi yoimba kafoni kolowa kuchipinda chawo pafupipafupi, kuti timve mawu a munthu. Atsikana ambiri anasiya kuimba akakhala ndi Kadzidzi, chifukwa amawakalipira kuti akumusokoneza, iye si mwana woti azimulera. Ine mukundidziwa, kukalipiridwa sikundichotsa khungu. Ndinaimba.

Sanayankhe. Ndinati mwina akulankhula ndi a pansi amene amawongolera ndege, ndinagawako madzi mizere ingapo, n'kuimbanso. Zii. Apo m'pamene ndinazindikira kuti makutu anga sanayambe kutseka monga amachitira tikamatsika, chonsecho nthawi yotsika inali itakwana. Injini zinkangolira mofanana, bwinobwino, ngati palibe chovuta. Ndinamwetulira bambo wina amene ankapempha shuga, n'kupita kuchitseko cha chipinda chawo, n'kudina manambala amene timapatsidwa otsegulira pangozi.

Chitsekocho sichitseguka msanga, chimayamba chaliza belu mkatimo. Nditalowa, Kadzidzi anali atapendeketsa mutu, kukamwa yasa, tulo tofa nato. Pa wailesi munthu wa pansi ankaitana nambala ya ndege yathu mobwerezabwereza. Alamu anu belu lija linali litangowadzutsa. Anatembenuka, n'kundiyang'ana ndi maso aja amandiyang'ana nawo kuchipinda kwathu, nati:

"Mwana wapita kusukulu?"

Achemwali, bwalo tinali titalipitirira. Ndinawagwedeza phewa mwamphamvu, iwo n'kudzidzimuka, n'kumenya Kadzidzi pamkono. Anatembenuza ndege. Kadzidzi anauza apaulendo ndi mawu ozizira bwino kuti pabwalo pachuluka ndege, tizungulirako pang'ono. Tinatera mofewa kwabasi. Potsika, gogo wina anandigwira dzanja n'kunena kuti ndikawathokozere madalaivala, sanamve n'komwe kuti tafika pansi.

M'basi ya antchito Kadzidzi anakhala pafupi nane, nandiuza chapansipansi kuti wailesi inavuta, ndipo ndi zimene wauza a pansi, ine palibe chimene ndinaona. Ndinayang'ana kuzenera. Ndikanatsegula pakamwa bwenzi nditamutukwana pamaso pa anthu.

Kunyumba ndinawauza alamu anu kuti ndipita kwa oyendera a boma, poti amalandira madandaulo ngakhale munthu osatchula dzina. Anandifunsa kuti chitseko chija anatsegula anthu angati, kuti anthu asadziwe kuti wadandaula ndine. Anati akayamba kufufuza, choyamba kulandidwa ndi layisensi yawo, kampani idzasamba m'manja n'kunena kuti munthu anavomera yekha kuti ali bwino. Ndinati wolakwa ndi kampani. Iwo anangoti kampani sinagone, anagona ndi iwo. Kenako analira, achemwali, munthu amene sanalire ndi pamaliro a bambo ake pomwe. Anandipempha kuti ndidikire nyengo ya maulendo ambiriyi ithe, akuti kukubwera oyendetsa ena. Nkhani ya oyendetsa enayo tinayamba kuimva chaka chatha.

Kwa oyenderawo sindinapite, koma sindinalonjeze kuti sindidzapita. Tsoka silinunkha, ndipo ndikuopa. Maulendo a sabata yamawa atuluka, othinana kuposa aja, ndipo alamu anu ali ndi Kadzidzi pafupifupi onse.

Mukudziwa kuti chibadwire mwanayu, ine ndi bambo ake tinapangana kuti tisamakwere ndege imodzi, kuti zikavuta mmodzi atsale. Wogawa maulendo ankatichitira zimenezo mosavuta, kupatula tsiku lija mnzanga anadwala. Dzulo ndinapita kukamupempha kuti aziika ine pa ulendo uliwonse wa alamu anu. Anaseka chikhakhali, nati nsanje yandipweteka, ndikufuna kulondera mwamuna kwa atsikana atsopanowa. Ndinamusiya aganize choncho, ndipo wavomera. Atsikana enawo ndi ana, amamuopa Kadzidzi, sangaimbe kachiwiri akakalipiridwa koyamba. Ndikatsala pansi ine, adzawadzutsa ndani?

Pempho langa ndi limodzi. Bwerani mudzamutenge mwana mwezi uno usanathe, akakhale kwa inu mpaka nyengoyi idutse. Sukulu ya pafupi nanu ija ndi yabwino, ndalankhula kale ndi aphunzitsi ake kuno. Amayi muwauze kuti tonse awiri tatanganidwa, basi, musawonjezere kanthu, mtima wawo mukuudziwa. Mubwere ndi chikwama chachikulu chija. Ndidzakupatsaninso chikalata chake chobadwira ndi khadi lake la kuchipatala, zizikhala kwa inu. Usiku amafuna nyale ikhale yoyaka, ndipo akakufunsani kuti amayi abwera liti, musamutchulire tsiku.

Mundiperekere moni kwa amayi, muwauze kuti ndimawakumbukira m'pemphero. Moni kwa bambo a kunyumba kwanu, kwa achimwene ndi akazi awo, kwa azakhali, ndi kwa ana onse. Alamu anu akanapereka moni wawo, koma agona, ndipo sindikufuna kuwadzutsa. Za kalatayi sakudziwa.

Musachedwe, achemwali.

Ndine mng'ono wanu,
Chitsirizira wa amayi