Kabakha Kophimba Mazira

Lachisanu, 7 Novembala

Anesi akuti ndi zoona. Miyezi iwiri ndi kanthu. Ndawafunsa ngati sanasinthanitse kabotolo kanga ndi ka munthu wina. Aseka. Ine osaseka. Zaka makumi anayi kudutsa, imvi pamphumi, ndiye mimba?

Kusaluni ndabwerera ngati palibe chachitika. Ndaluka mitu iwiri. Fungo la mankhwala owongolera tsitsi, mayo ine, mseru mpaka misozi.

Bambo akunyumba sindinawauze. Ndiyambira pati? Ulendo wachitatu uja, nditapita padera n'kutaya magazi mpaka kuiwala dzina langa, anaima pakhomo la wodi n'kunena kamodzi kokha: "Basi, Madamu. Sitiyesanso. Kuika mkazi m'manda ine sindifuna." Chiyambire tsiku limenelo m'nyumba muno nkhani ya mwana mulibe. Muli nkhani ya mbalame.

Loweruka, 8 Novembala

Ndapita nawo kudamu. Koyamba. Anandiyang'ana ngati ndawapempha njinga.

Munthu wamkulu, sabata yonse kukonza mafiriji a anthu, Loweruka m'malo mopuma n'kumalawirira kukaonera mbalame. Osagwira, osadya, kungoonera. Chaka chathachi ndinkati kuli mkazi. Bola kukanakhala mkazi, ndikanadziwa wokalipira.

Njira yodzera kuseri kwa fakitale, minga, mapepala apulasitiki. Kenako madzi, bango, bata. Timipando tiwiri topinda. Ndinati pano ndiye pabwino, palibe khoma la aneba. Ndinangoti "Bambo," iwo "Shii!" Chala pakamwa. Akuti akakowa angathawe.

Andipatsa magalasi awo oonera patali. Ndaona mdima, kenako nsidze zanga, kenako thambo likuzungulira. Chizungulire. Akuti ndatseka diso lolakwika. Akakowa ndawaona ndi maso angawa, oyera mbee, aima m'matope ngati anamwino odikira basi.

Tabwerako. Osanena.

Lamulungu, 9 Novembala

Kudamu kachiwiri. Kutentha kuyambira m'mawa.

Lero andionetsa chuma chawo. Kabakha kakang'ono, kofiirira m'khosi, kongoti tsumbwi m'madzi n'kukatulukira kwina. Dzina lake andiwerengera pafoni, lachizungu, landidutsa. Chisa chake mulu wa zinyalala zoola woyandama pamadzi. Ndinati palibe kanthu apo. Akuti alipo mazira anayi, kakamachoka kamawaphimba ndi ndere kuti akhwangwala asaone. Tadikira, tadikira, msana kuwawa. Kabwera, kakankha zinyalala ndi mulomo. Mazira! Oyera. Ndinakuwa. "Shii!"

Nkhope yawo nthawi imeneyo. Sindinaione chomwecho zaka zingati kaya. Kumwetulira mpaka mano akumbuyo. Chifukwa cha mazira a bakha. Ndakwiya, sindikudziwa chifukwa. Mwina nsanje. Nsanje ndi bakha, ine, mkazi wamkulu!

Lachitatu, 12 Novembala

Wailesi wayamba kununkhiza. Mnzanga wa mpando woyandikana kusaluni, dzina lakelo anapatsidwa ndi makasitomala chifukwa sazimitsika. Wandipeza kuseri ndikutafuna ndimu. Akuti, "Asisi, ndimu m'mawa? Kapena firiji ya kunyumba yayambanso kugwira ntchito?" Ndamutukwana moseka. Akadziwa iyeyu, msewu wonse wadziwa, bambo amvera kwa munthu wobweretsa firiji.

Ndiwauze lero. Ndaphika msanga, ndasamba, ndakhala pampando wapakhonde. Abwera thukuta lili kamukamu, manja akuda ndi oyilo, mawu oyamba: "Ndadzera kudamu. Kuli ng'azi." Yaikulu akuti, ikusambira cha kubango komwe kuli chisa. Chakudya angotola pang'ono. Kudandaula mpaka pogona.

Ana athu atatu opita padera aja sanawatchulepo. Ngakhale kamodzi. Misozi yawo sindinaione, kuchipatala kapena kuno. Lero maso ofiira chifukwa cha ng'azi. Munthuyu ndimamudziwa kodi?

Lachinayi, 13 Novembala

Kadontho pakabudula wamkati. Kamodzi, kofiirira. Ndathamangira kuchipatala osauza munthu. Anesi akuti zimachitika, zonse zili m'malo, koma ndisanyamule zolemera, ndisaime tsiku lonse. Woluka tsitsi asaime? Akutinso ulendo wotsatira ndibwere ndi bambo, chifukwa ndi mbiri yangayi adokotala afuna kulankhula ndi tonse awiri. Ndavomera ndi mutu ngati mwana wasukulu.

Ndikufuna mwanayu. Ndalemba, mawuwo ndawaona ndi maso. Ndikumufuna. Komanso ndikuopa kufa. Ziwiri zonsezi m'mimba imodzi.

Loweruka, 15 Novembala

Mvula yoyamba usiku wathawu, yamphepo. M'mawa bambo kudzuka ngati kwapsa nyumba. Ndawatsatira, matope mpaka m'zidendene.

Madzi akwera. Chisa chasuntha, chapendekeka, koma chilipo. Kabakha pamwamba pake kali phee, kamnzake kakubweretsa ndere, kuwunjika, kumira, kubweranso. Bambo kuwerenga maulendo ake monong'ona ngati pemphero.

Zina zomwe ndaona: mpheta zachikasu zolendewera pabango, phokoso ngati pamsika. Atsekwe awiri. Kanthu kakuda konyezimira kotulutsa mutu n'kubisanso, akuti katumbu, ine ndimayesa chigubu. Ndayamba kudziwa kugwira magalasi aja. Ndaona diso la kabakha, lofiira. Linandiyang'ana, ndikulumbira.

Ndinawafunsa kuti mazira akadyedwa zimatani mbalamezi. Akuti zimamanga china, zimaikiranso. Ndinati, osaopa? Anatsitsa magalasi, kundiyang'ana, n'kuti, "Mbalame sizikumbuka." Kaya amatanthauza mbalame zokha, kaya. Mpata unali umenewo. Ndauphonya.

Lamulungu, 16 Novembala

Ndanena.

Osati mmene ndinakonzera. Ndinakonza mawu abwino, oyambira kutali. Koma ng'azi inatulukira, bambo anaimirira kufuna mwala, akuti ndiwapatsire chidina cha njerwa chinali pafupi ndi phazi langa. Ndinati sindinganyamule. Akuti bwanji. Ndinati anesi andiletsa. Akuti anesi ati? Basi zinangotuluka zonse, miyezi, kadontho, adokotala.

Sanati "Shii." Bola akanatero.

Anakhala pansi. Anaika magalasi m'maso. Nthawi yaitali. Ndinatsatira komwe analoza: khoma la fakitale, lopanda ngakhale njiwa. Lamba wa magalasi akugunda batani la shati, ke ke ke. Ng'azi inapita kuti sindikudziwa.

Kenako anapinda mipando yonse iwiri, wanga ndisanadzuke bwinobwino, n'kuuyamba. Liwiro. Ine m'mbuyo ndekha m'matope. Pa ngodya ya fakitale anaima ngati wakumbukira kuti wasiya chinthu, anabwerera, anandigwira pachigongono mpaka kunyumba. Kugwira kwake kowawa.

Akwiya? Akondwa? Masana akolopa nyumba yonse, ndi pansi pa bedi pomwe. Sanakolopepo chikwatiranireni.

Lolemba, 17 Novembala

Madzi osamba ndawapeza ali kale m'bafa. Ndowa zonse azikweza pamwamba pa kabati pomwe sindifikira. Kuntchito apita osatsanzika.

Kusaluni ndaluka chokhala. Wailesi wandiyang'ana, wayang'ana mpando, watsegula pakamwa, watsekanso. Wandibweretsera madzi ozizira. Ngakhale iyeyu lero wazima. Dziko lasokonekera.

Madzulo ndinawafunsa ngati andikwiyira. Akuti ayi. Ngati akondwa. Akuti sakudziwa. Ndinakalipa, ndinati mazira a bakha mumawadziwa mtima wake, ine ayi? Anatuluka kukakhala pakhonde. Ndalira mpaka mutu.

Lachitatu, 19 Novembala

Alawirira kusanache bwino, magalasi pakhosi, tsiku lantchito. Ndinati basi, abwerera kwa akazi awo a nthenga. Ine ndi mimba yanga tidzionera.

Abwera dzuwa litakwera, ine ndikumanga mpango kuti ndizipita. Matope m'mawondo. Aima pakhomo la kuchipinda monga anaimira pakhomo la wodi tsiku lija, ndipo ndinadziwa kuti akubwera mawu aja.

Ndinayamba ndine, kuti ndiwatsekereze. Ndinafunsa za mazira, ngati aswa, ngati ng'azi yadya.

Akuti sakudziwa. Akuti anafika, anatambasula mpando, n'kukhala chofulatira madzi. Mpaka dzuwa kutuluka. "Ndalephera kuyang'ana, Madamu. Ndikuopa." Mawu ake enieni amenewo. Ndipo analira, chiimirire, kukamwa kuli yasa ngati kamwana, bambo wamkulu wokonza mafiriji. Anatchula atatu aja. Mwezi wa aliyense akuudziwa. Ine ndinkati anaiwala.

Sindinadziwe chochita. Ndinawavula magalasi pakhosi kuti angawanyowetse.

Adokotala ndi mawa m'mawa. Bambo afunsa ngati amuna amaloledwa kulowa mpaka m'chipinda choyezera. Ndati sindikudziwa. Akuti akalowa basi.