Ngolo yanga sipita kwa aNabanda

Lachinayi, nyengo yokolola, kuno ku Sinda.

Tsiku lowawa. Chiikireni Tionenji m'manda, sindinadzimvepo ukali ngati wa lero.

Mwana wanga anapita ku yunivesite kukaphunzira zaulimi. Iye ndi anzake anaguba pasukulupo kukana nkhondo ya kudziko lakutali, lomwe ngakhale dzina lake limandivuta kutchula. M'manja ananyamula chikatoni cholembedwa basi. Apolisi anawombera. Amayi amene anasambitsa mtembo akuti utoto unali udakali m'zala zake.

M'mawa mnzake wa Tionenji wandionetsa kanema wa tsikulo pafoni. Pamzere wa apolisi ndamuzindikira Yohane, mwana wa aNabanda oyandikana nafe, yemwe ndinkamukweza pangolo yanga ali wamng'ono. Mfuti analozetsa kwa ana. Kaya chipolopolo chinali chake, sindikudziwa, ndipo ndilibe nazo ntchito.

Madzulo ano aNabanda abwera, agwada pakhomo. "Pepani aPhiri, chiswe chikutha chimanga kumunda. Tithandizeniko ngolo monga mwa chaka chilichonse."

Ndawayankha kuti, "Itanani Yohane adzatute ndi galimoto ya apolisi. Inanyamula mwana wanga bwinobwino."

Apita akulira. Mkazi wanga akuti mayiyo alibe mlandu. Ndikudziwa. Koma chimangacho chiwolere komweko, njala ya amake imubweretse Yohane kumudzi. Ndikufuna aime pakhomo pano opanda yunifomu, opanda anzake kumbuyo, andiyang'ane m'maso.

Ng'ombe ndatsekera m'khola. Chikwanje ndanola. Mkazi wanga atafunsa, ndati ncha kumunda...